Maluwa Akadzafota

Beirut, Sene 14, 1989

Okondedwa Amayi,

Moni wanga wawoloka nyanja ndi mapiri, akupezeni muli pakhomo ndi mtendere. Muli bwanji, nanga bondo lija? Ali bwanji mwana wanga Wubalem, Wube wanga? Achimwene a Animut, inu amene mukuwawerengera Amayi kalatayi, landirani moni pamodzi ndi alamu. Ine ndili moyo, Mulungu alemekezeke, kungoti maso anga ali ndi njala ya nkhope zanu.

Kalata yanu ndailandira dzana kudzera kwa Zinash, mtsikana wa ku Markos amene amagwira ntchito m'nyumba yoyang'anana ndi ino. Timayankhulana pa makonde tikamayanika zovala, iye uko ine kuno, pakati pathu phompho, chifukwa tili pa nyumba yachisanu ndi chimodzi kuchokera pansi. Iyeyo Lamulungu amatuluka. Ine ayi, koma zimenezo musaziike kumtima.

Amayi, ndinayamba kuwerenga chiimire, kenaka ndinakhala pansi. Ndiye kuti apongozi anga a Tiruye anawolokadi mtsinje wa Muga mvula isanatseke njira, ali ndi akuluakulu awiri, kudzafuna mwana? Mawu awo amene achimwene alemba ndawaloweza ngati pemphero: "Mvula ikatha tidzawolokanso. Maluwa a adey amene mudzakoloweke pakhomo pano pa chaka chatsopano akadzafota amake asanabwere, mwana adzagona kutsidya." Ndipo akuluakulu anavomereza kuti mawu ndi omwewo, osachotsera osaonjezera.

Sindikuwada a Tiruye. Malemu Gashaw anali mwana wawo wamwamuna mmodzi yekha, ndipo chimene anasiya pa dziko pano ndi Wube basi, ndi mphumi yotakata ija. Koma Amayi, mwana wa zaka zinayi akakagona kutsidya, adzawolokanso kubwera kwa ife? Ndinabwera kuno m'mwezi wa Yekatit kuti adye ndi kuvala. Sindinabwere kuti ndimutaye.

Tsono imvani chabwino. Ndinagwada pamaso pa adona. Chiarabu changa n'chochepa ngati mchere wopempha, komabe ndinawaonetsa chithunzi cha mwana, ndinaloza pamtima, ndinaloza kumwamba kumene kumadutsa ndege. Anandiyang'ana, kenaka anati, "Ras es-sana." Amayi, ndinamva ndekha, popanda wondimasulira. Ras ndi mutu, kuno ngati kwathu komwe. Sana ndi chaka. Anati ndidzapita kukaona mwana pa mutu wa chaka. Ndinapsompsona dzanja lawo mpaka analibweza.

Choncho tumizani uthenga kutsidya, ngakhale wochita kukuwa pamwamba pa madzi, kuti Yitayish akubwera pamodzi ndi maluwa. Adey asanafote n'komwe ndidzakhala nditakhala pa chikopa chanu.

Ndatumiza madola makumi asanu. Mugule tefu wopera ufa, ndi nsapato zapulasitiki za mwana, zikhale zokulirapo. Zotsala mugule udzu mufolere pamene pamadontha paja, pamwamba pa pogona Wube. Nkhosa yamawanga musagulitse.

Ndine mwana wanu,
Yitayish


Beirut, Hamle 19, 1989

Amayi anga,

Mukudzuka bwanji masiku ano a matope? Chifuwa cha Wube chija chinatha? Ine ndili bwino, dzanja lokha linapsa ndi mankhwala otsukira kuchimbudzi, koma likuuma. N'chifukwa chake zilembo zapendekeka, achimwene mundikhululukire.

Kuno Hamle alibe mvula. Mungakhulupirire zimenezo? Kumwamba kuli mbee ngati mbale yotsuka, pansi pakutentha ngati chiwaya chophikira mkate wa injera. Masana adona akagona ndimaima pakhonde n'kutseka maso, ndiye phokoso la magalimoto pansipo limasanduka Muga atadzaza. Ndimaona nkhungu ikutsika phiri la kutchalitchi, ng'ombe zikufuka nthunzi pamsana, inu mukukazinga khofi chitseko chili chotsekeka theka. Ndikatsegula maso ndimapeza ndagwira malaya onyowa a bwana.

Ndikuuzeni chimene ndayamba. Adona anataya buku la manambala a telefoni, lonenepa ngati la ansembe, mapepala ake achikasu okhaokha. Nditaliona m'bini mtima unadumpha, chifukwa mtundu wake ndi wa phiri lathu mu Meskerem, mwezi wa chaka chatsopano, kungoti wotuwirapo. Ndinalibisa pansi pa matiresi. Ndimapinda pepala katatu, n'kudula ndi kasizasi ka zikhadabo, ndiye ndikatambasula pamatuluka timasamba tisanu ndi titatu, ngati adey weniweni. Ndimaviika m'madzi a chikasu chothira m'ndiwo kuti mtundu ukhwime, n'kuyanika pansi pa bedi. Kamtima ka pakati ndi kathonje koviika m'matsalira a khofi. Phesi lake ndi kamtengo kothyola ku tsache. Chomatira ndi phala la ufa wa tirigu. Palibe chimene ndagula, ulusi womwe ndimasolola ku thaulo lakutha.

Duwa lililonse lili ndi mayina a anthu ndi manambala awo, timalemba tating'ono ngati nyerere. Nthawi zina ndimaganiza kuti ndadzala mzinda wonse uno pansi pa bedi langa, madokotala, osoka nsapato, ogulitsa matayala, onse aphuka pamodzi.

Amene amandithandiza ndi a Wadad, mayi awo a adona, okalamba amene ndimawasambitsa ndi kuwadyetsa. Mutu wawo unachoka kale, amanditcha Mariya, kaya anali ndani. Amandigwirira mbale ya phala lomatira, koma ndikangocheuka amanyambita. Dzulo anamaliza theka.

Zinash nditamuonetsa pakhonde anaseka mpaka kugwetsa zopanira zovala. Anati, "Wakumudzi iwe, anzako amabwerera ndi golide m'makutu, iwe udzatsika ndege ndi za m'bini?" Komabe anatambasula ndodo ya chokolopera kuti ndimumangirire atatu, ndipo ndinamuona akununkhiza atatembenuka. Mawa lake anati ndimupatse ena. Lamulungu anapita nawo kutchalitchi, atsikana akwathu anachita kulimbirana, khumi dola imodzi. Ndalama imeneyo ndiyo yagula sitampa ya kalata ino.

Mtsikana wa ku Wollo wa pa nyumba yachitatu sakuonekanso pakhonde. Zovala zimene anayanika zinakhala pachingwe masiku anayi. Zinash akuti ndisafunse. Basi sindifunsa.

Ndaikamo duwa limodzi la Wube. Mumuuze kuti amake akubweretsa ambiri oti tidzakongoletsere nyumba, ena pazenera, ena pa chithunzi cha Mariya Woyera. Mumusokere diresi yoyera yoti adzavale poyenda ndi atsikana anzake kuimba m'makomo. Mumutsogoze wamkulu, asadzagwe m'matope.

Kwatsala masiku 47. Ndimawerenga ndi mphodza, m'mawa uliwonse ndimachotsa imodzi m'kabotolo.

Wanu,
Yitayish


Beirut, Nehase 6, 1989

Amayi,

Moni nonse. Ndikhulupirira muli bwino. Ndikulemba mothamanga, Zinash akudikira ndi ndodo pakhonde.

Amayi, ndalakwitsa. Ndalakwitsa kwambiri.

Dzulo ndinafunsa adona za tikiti, poti masiku akutha. Ndinawaonetsa ndi zala kuti kwatsala mwezi umodzi. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Anachotsa kalendala pakhoma n'kuyamba kutsegula, tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu, lachinayi, mpaka pa chithunzi cha mtengo wokutidwa ndi zoyera ngati thonje. Anaika chala pansi penipeni pa tsambalo n'kunenanso mawu omwe aja, ras es-sana.

Ndinathamangira pakhonde. Zinash anandifunsa kuti mawu enieni amene adona ananena poyamba paja anali otani. Nditamuuza anakhala pansi pa ndowa. Anati, "Mayo ine. Iwe unangondiuza kuti chaka chatsopano, ine n'kumavina nawe. Chaka chawo mutu wake uli mu Tahsas, mchemwali. Pafupi ndi Genna, tsiku la kubadwa kwa Ambuye."

Ndinkadziwa kuti nambala ya chaka chawo ndi ina, ili patsogolo pa yathu. Koma ndinkayesa chaka chimabadwa tsiku limodzi kwa anthu onse, monga limachitira dzuwa. Chaka chingayambe bwanji popanda maluwa, mvula isanatsazike? Kusukulu ndinalekera kalasi yachinayi, mwina zimenezi amaphunzitsa yachisanu.

Ndinagwadanso. Adona anati mawu awo ndi omwewo, sanandinamize, ndipo n'zoona sanandinamize. Pasipoti ili m'kabati mwawo, kiyi ali pakhosi pawo.

Miyezi inayi, Amayi. Adey wothyola sakhala ngakhale sabata pakhomo.

Musauze a kutsidya kanthu. Musamuuzenso Wube. Zinash zaka zake za ntchito zatha, akukwera ndege pa 1 Pagume, kamwezi kotsiriza chaka. Achimwene, chonde mukamudikire poimira basi ku Bichena pa 3 Pagume. Ndi wamfupi, wa dzino lagolide, mudzamumva kuseka musanamuone. Adzakhala ndi katundu wanga.

Mundipempherere. Mutu sukugwira.

Yitayish


Beirut, Nehase 30, 1989

Okondedwa Amayi ndi achimwene,

Kalata ino ili pamwamba m'katoni, muiwerenge musanakhudze china chilichonse. Ndikhulupirira yakupezani muli bwino, ndi mwana ali bwino. Ine ndayambanso kudya.

Masiku asanu ndinangoyenda m'nyumba muno ngati mthunzi. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinkasesa kuchipinda kwa a Wadad. Patebulo pawo panali maluwa amene mwana wawo wamwamuna anabweretsa Lamulungu, atazolika mitu, madzi akununkha. Pambali pake panali kaduwa kanga kapepala kamene ndinawapatsa mu Hamle muja, kali chilili. A Wadad anandiuza ndi dzanja kuti nditaye enawo, kanga anakafumbata. Ndinaima ndi tsache m'manja, mawu a apongozi akulira m'makutu. Ndinakatenga kalata yanu ija n'kuwerenganso ndi chala.

Iwo sanati chaka chatsopano chikadzafika. Sanati pa Meskel, chikondwerero cha Mtanda. Anati maluwa a adey amene mudzakoloweke pakhomo akadzafota.

Amayi, m'katonimu muli maluwa mazana atatu ndi makumi awiri. Buku lonse latha, kwatsala chikuto. Zala zanga zasanduka zachikasu, sopo wakanika. Mverani bwino mmene muchitire.

Ndawatunga kale pa ulusi, zingwe zisanu ndi zitatu, chilichonse ndachikulunga pachokha kuti zisakolane. M'mawa wa chaka chatsopano mukoloweke zitatu pamwamba pa chitseko, ziwiri mbali iyi, ziwiri mbali inayo. Chimodzi musunge m'bokosi. Zikhale mkati mwa khonde, pamene mvula yotsalira singafike. Pakhomo musaikepo ngakhale duwa limodzi lamoyo, chonde, ngakhale Wube alire. Amoyo athyole, anyamule m'manja poimba, ena mumwaze pansi pamodzi ndi udzu wauwisi monga mwa masiku onse. Koma pachitseko apepala okhaokha. Muitane ansembe adzadalitse nyumba tsiku lomwelo, aone ndi maso awo kuti amene mwakoloweka ndi amenewo.

Mbuzi ya aneba athu a Bogale muisamale, imadya ndi nsanza zomwe, ndipo awa ali ndi ufa. Utsi nawonso ndi mdani, masiku amenewa muziphikira kuseri.

Ndikudziwa chimene mukuganiza, Amayi, ndikuona mmene mwagwirira pakamwa. Inenso ndadzifunsa ngati ndi bodza pamaso pa Mulungu. Koma sindikubisa kanthu. Aliyense adzaona kuti ndi pepala. Ndikungopempha kuti mawu akhale mmene anawanenera eni ake, osachotsera osaonjezera. Kwathu munthu akayankhula mawu a mbali ziwiri akuluakulu amamwetulira, sam'menya. Akakana, akana. Ine china ndilibe. Ndikanakhala ndi mapiko ndikanatumiza mapikowo kuti mudzaone kuti ndinayesa.

Zinash akuseka ngakhale pano. Akuti akamufunsa pabwalo la ndege kuti m'katoni muli chiyani, adzati muli maloya mazana atatu. Koma katoniyo wakana kuti ipite pansi pa ndege, akuti adzaipakata ngati khanda. Mumuphikire khofi wa maulendo atatu, musamulole achoke ndi woyamba.

M'kansalu kofiira muli madola makumi atatu ndi timaswiti. Mugule nkhuku ya chaka, isapitirire mabiri khumi ndi asanu. Makalata tsopano muzilemba pa adiresi ili kuseriyi, ndi ya mayi wa pagolosale pansi pathu. Ndimatsitsa dengu pa chingwe pogula buledi, kalata idzakwera ndi buledi.

Chaka chikusinthireni bwino. Mumupsompsone Wube pamphumi paja.

Yitayish


Beirut, Meskerem 18, 1990

Amayi anga okondedwa,

Mwalowa bwanji m'chaka? Mwaotha bwanji moto wa Meskel, unagwera mbali iti? Ndikufunsa ngati woponya mwala m'chitsime chakuya, sindinamve kalikonse chichokereni Zinash. Dengu likukwera ndi buledi yekha. Ine thupi lili bwino.

Tsiku la chaka chatsopano kuno linali Lachinayi wamba. Anthu anapita kuntchito, galimoto ya zinyalala inabwera. Ndinachapa makatani. Masana ndinatenga maluwa asanu amene anatsala opindika, ndinawamanga pa chitseko cha kachipinda kanga, limodzi ndinawabaya a Wadad m'tsitsi. Ndinawaimbira chapansipansi nyimbo ya atsikana ija, iwo n'kumaomba m'manja mosemphana. Kenaka anandigwira tsaya n'kundifunsa kuti, "Mariya, mwana wako ali kuti?" Kaya Mariyayo nayenso anali ndi mwana. Ndinawayankha m'chinenero chathu kuti ali pakhomo, wavala zoyera. Anagwedeza mutu ngati amva.

Masiku ano ndikumalota ndili maso. Ndikamatsuka mbale ndimaona phiri lathu lonse lili chikasu kuyambira kutchalitchi mpaka kudambo, mphepo ikuliweramitsa, Wube ali pakati, mutu wokha ukuoneka. Ndimamuitana, iye n'kumayang'ana uku ndi uku osadziwa kumene kukuchokera mawu. Kenaka chikasu chija chimayamba kuthothoka kuchokera pamwamba pa phiri, pang'onopang'ono, ngati munthu akuvula nsalu. Ndimaona Muga akuphwera. Mwala wa powolokera uja wonga msana wa bulu watulukira, wachiwiri watulukira. Ndimadziwa kuti wachitatu ukaoneka, munthu wokalamba angathe kuwoloka ndi ndodo.

Watulukira kale, Amayi? Abwera?

Pakhonde la Zinash pabwera mtsikana wina wa dziko lina, sitimvana. Timangokwezerana dzanja. Bwana masiku ano amabwera masana adona akapita kokonzetsa tsitsi. Ndimakhala kuchipinda kwa a Wadad mpaka adona abwere, ndimawapesa tsitsi ngakhale ndawapesa kale. Palibe chachitika. Ndangonena.

Adona anaona maluwa pa chitseko changa. Ndinayesa andikalipira za buku, koma anathothola limodzi n'kulitembenuza, n'kuwerenga dzina lili pa tsamba lake, n'kuseka. Akuti ndi dokotala wawo wa mano. Analitenga.

Ngati mwana wapita, musandibisire. Mundilembere tsiku limene anawoloka, chimene anavala, ndi amene anam'bereka pamadzi. Muwauze kuti sadya ndiwo ya shiro ya tsabola wambiri, ndiponso kuti akamagona amafuna kugwira khutu la munthu.

Achimwene, ngakhale mizere iwiri.

Yitayish


Beirut, Tikimt 26, 1990

Amayi, Amayi anga,

Moni, moni nonse, ndi mbuzi ya a Bogale yomwe. Kalata yakwera lero ili pansi pa buledi, yadetsedwa ndi ufa. Ndaiwerenga kasanu. Ndikubwerezerani zimene mukuzidziwa kale, mundilole, ndikufuna ndizimve zikutuluka m'dzanja langa.

Ndiye kuti anabwera patatha sabata ziwiri chipitireni Meskel, phiri litayera kale, m'makomo monse maluwa atasanduka zinyalala. A Tiruye patsogolo ndi ndodo, akuluakulu awiri aja pambuyo, atatenga ndi nsalu yoberekera. Nsalu yoberekera, Amayi. Pamenepo ndinaika kalata pansi kaye.

Achimwene alemba kuti anaima pabwalo osapereka ndi moni womwe, akuyang'ana chitseko chili chikasu ngati m'mawa wa chaka. Anayandikira, anafinya duwa limodzi ndi zala, analinunkhiza, n'kunena kuti, "Adey wa pakhomo pano akununkhira ndiwo." Mkulu mmodzi anayamba kutsokomola pobisa chiseko. Winayo anafunsa ansembe ngati amenewo ndiwo anakolowekedwa pa chaka, ansembe anati anawawaza madzi odalitsa ndi dzanja lawo, chapatali kuti asanyowe. Ndiye mkuluyo anati mawu anali akuti akadzafota, ndipo iye wakalamba koma maso ake sakuona chofota.

Ndimaopa kuti apongozi adzakwiya, adzati tawachita chipongwe pamaso pa anthu. Koma mwati anangokhala pa mwala wa pakhomo. Kenaka Wube anabwera yekha n'kuwalozera timalemba, n'kuwauza kuti amenewa ndi mayina a anthu a kumene kuli amake, onse akudziwa kuti amake akubwera. Ndani anamuuza zimenezo? Ine sindinalembe choncho. Ndipo mwati a Tiruye anafunsa kuti maluwawo alipo angati, atamva anati, "Mazana atatu, ndi manja awiri, m'nyumba ya eni." Basi n'kupukuta m'maso ndi nsalu yoberekera ija.

Mawu awo otsiriza ndawamva bwino, ndipo ulendo uno sindiwapotoza. Pepala nalo limasuluka, adzabweranso pa Timket, chikondwerero cha ubatizo wa Ambuye, ndipo akadzapeza ine kulibe sipadzakhalanso za maluwa. Ali ndi chilungamo. Muwatumizire uthenga kuti Yitayish wamva, ndipo akuwagwadira.

Mwachita bwino kuwapatsa chingwe cha m'bokosi chija. Sindinaganize kuti angakachikoloweke pa mtanda wa pa manda a Gashaw. Kumeneko mvula ndi dzuwa zidzachimaliza msanga, koma palibe kanthu. Anali munthu wokonda kundithyolera adey n'kumanama kuti wangowapeza m'njira.

Tsopano za pakhomo. Mbali imene imawombedwa ndi dzuwa la madzulo mupachikepo chikopa. Zimene zayamba kutuwa muzisinthanitse ndi za mkati. Ndatumiza madola makumi anayi, mulipire okolola tefu, achimwene asadzipweteke msana okha. Apongozi muwagulire khofi kilo imodzi, wabwino, osati wa pansi pa thumba.

Lero a Wadad adya phala lomatira lonse, ndawasiya.

Mwana wanu,
Yitayish


Beirut, Tahsas 2, 1990

Okondedwa Amayi,

Mtendere ukhale pa nyumba yanu ndi pa onse olowamo. Muli bwanji? Wube ali bwanji? Ine ndili bwino. Kuno mvula yayamba tsopano, mu Tahsas, dziko lake ndi lotembenuza chilichonse.

Mutu wa chaka chawo wayandikira. Aimika mtengo wapulasitiki pabalaza. Adona anandibweretsera mapepala ogula, ofiira ndi agolide, ndi sizasi yeniyeni, kuti ndiwapangire maluwa a pamtengopo. Ndawapangira zana limodzi. Anzawo akabwera amawaonetsa, amati ndi maluwa a kwawo kwa mtsikanayu. Si a kwathu, adey wofiira ndinamuonapo kuti? Koma ndimangomwetulira.

Amayi, tikiti ndaiona ndi maso anga, ndaigwira. Ulendo uno sindinakhulupirire khutu. Ndinapempha adona aloze tsikulo pa kalendala, ndinatenga mphodza, ndinayamba pa Lachinayi lija la chaka chathu n'kumaika imodzi pa bokosi lililonse, kwinaku ndikutchula masiku athu. Ndabwereza katatu. Tsiku lawo lachitatu la mwezi woyamba ndi Tahsas 25. Ola ndafunsanso, poti ndi mawotchi omwe kuno ndi osiyana: teni koloko yawo ya m'mawa ndi folo yathu. Ndikagona ku Addis, basi ndikakwera m'mawa mwake, ikachedwa m'chigwa cha Abay ndikagona panjira. Achimwene mukandidikire ku Bichena pa 26 ndi pa 27. Genna tidzadyera pamodzi, Timket isanafike.

Adona akuti mwezi umodzi ndibwerere, a Wadad sadya ndi munthu wina. Zimenezo tidzakamba nditakhala pansi pa denga lanu, pali zina zosalembeka.

Ndilibe golide, mumuuziretu Zinash aseke zithe. Ndanyamula nsalu yanu, nsapato za achimwene, ndi sizasi, adona andipatsa. Ndapanganso duwa limodzi la apongozi pa pepala lopanda mayina a eni, ndalembapo ndekha dzina limodzi. Muwaitane awoloke pa Genna, asadikire Timket. Mwana adzagone pakati pa ine ndi iwo, makutu alipo okwanira.

Chinthu chimodzi chikundiopsa, ndinene. Ndinachoka ali ndi zaka zitatu ndi theka, ndipo ndaonda, tsitsi anandimeta. Mwina adzabisala kumbuyo kwanu. Musadzamukalipire, musadzamukankhire kwa ine. Mungomuuza kuyambira lero kuti adzayang'ane manja. Zalazi ndasiya kulimbana nazo ndi sopo, dzulo ndinaziviikanso dala m'chikasu. Mayi wa zala zachikasu ndiye amake.

Achimwene alemba kuti maluwa atuwa, ena mbewa zadya, akufuna kuwachotsa alendo a Genna asanabwere. Ayi, chonde. Ngakhale patsale ulusi wokha ndi kaduwa kamodzi, musakhudze. Ndidzawachotsa ndekha.

Ndine mwana wanu,
Yitayish